Zosesa za ku Joni

Kope limene ndinkalembamo za tsiku ndi tsiku ndili ku Joni ndikadali nalo. Masamba ake ena anamatirirana, chifukwa ndinkalemba ndi manja a sitachi, ndipo thukuta likagwerapo ankagwirana ngati envelopu. Ndikafuna kuwerenga ndimachita kulowetsa mpeni pakati. Pali masamba ena amene sindinawatsegulebe.

Ndinachoka ku Mitundu nditangomaliza Fomu 3. Bambo anali atapita kukagwira utenanti ku esiteti ya fodya ndipo anasiya kuyankha foni. Amayi ankagulitsa mandasi pa geti la sukulu ya pulayimale, ndipo za Fomu 4 panalibe ndi poyambira pomwe. Atsibweni, mlongo wawo wa amayi, anali kapitawo pa fakitale ina ku Joni. Chaka chimenecho atabwera kudzaona akazi awo ku Nathenje, anafika kwathu pa njinga yamoto, atavala jekete yachikopa dzuwa likuswa mtengo.

"Mlongo, mwanayu ndipatseni," anatero. "Chaka chimodzi chokha. Akabwera adzalemba mayeso atavala nsapato."

"Ndi wanu uyu, achimwene," anayankha amayi. "Ine ndingakanize ndani?"

Ine palibe anandifunsa, komabe ndinasangalala. Tsiku lomwelo ndinalemba m'kope kuti: Mulungu wanditsegulira khomo. Ndinalembanso mzere pansi pake.

Basi tinakwerera pa Nathenje. Tinadutsa pa Dedza, Tete, dziko lonse la Zimbabwe, mapazi atatupa ngati mbatata. Kumene tinafikira kunali mzere wa tinyumba ta malata kuseri kwa mafakitale. Anandiika m'chipinda chimodzi ndi a Nachisale, mayi wa ku Dedza amene ankasesa pa fakitale pomwepo. Anali osalankhulalankhula, ndipo ankatsokomola m'mawa uliwonse ngati galimoto yokana kulira.

Fakitale yathu sinkapanga kanthu kuchokera pachiyambi. Inkalandira sitachi wa chinangwa m'matumba akuluakulu ochokera kutsidya kwa nyanja, ife n'kumasakaniza, kuyeza ndi kulongedza m'matumba aang'ono. Tsiku loyamba nditawerenga pa thumba n'kuzindikira kuti ufa wonsewo ndi wa chinangwa, ndinaseka ndekha. Chinangwa chomwechi, chimene ife timakazinga pa chiwaya n'kudyera mchere ndi tsabola, kuno chikuyenda pa sitima?

Matumba ake anali a mitundu itatu, ndipo tinkawasiyanitsa ndi ulusi wosokera kukamwa. Wa ulusi wobiriwira anali sitachi wamba, wosathira kalikonse. Ameneyu ankagula ndi ophika buledi, mabisiketi ndi msuzi. Ukamuthira m'madzi otentha amalimba n'kumawala ngati galasi, koma ukamuphika nthawi yaitali amasungunukanso, ndipo ukamuika mu firiji amalira madzi. Wa ulusi wabuluu anali wokonzedwanso ku fakitale zakunja kuti asaope moto, zowawasa kapena kuzizira. Ameneyu ankapita kwa opanga yogati, soseji, poloni ndi tomato wa m'mabotolo. Dalaivala wina anandiuza kuti mu poloni sitachiyu ndiye amagwira madzi kuti aziima ngati nyama. Wachitatu anali wa ulusi wofiira. Ameneyu tinkamusakaniza tokha ndi soda woyabwa ndi mankhwala ena otchedwa borakisi, ndipo ankapita kwa opanga makatoni kuti akhale guluu womatira. Pa thumba lake panalembedwa ndi zilembo zazikulu kuti si chakudya. Ogwira ku chigawo chofiira ankadziwika ndi zala zawo, zinkasupuka khungu ngati njoka yofundula.

Koma ukatsegula matumba onse atatu n'kutapa m'manja, sungasiyanitse. Onse mbee, onse osalala, onse olira kwichikwichi ukawafinya.

Ine zonsezi ndinkazikonda. Ndinkakopera m'kope zolembedwa pa matumba, n'kumaganiza kuti ndikadzabwerera ndidzaposa aphunzitsi a Agriculture. Ndinkalotanso kuti tsiku lina pa Mitundu padzakhala fakitale yotere, chinangwa cha kwathu chizipita mu yogati. Atsibweni ankandiseka.

"A Pulofesa, mukuwerenga thumba kapena mukunyamula thumba?"

Lachisanu lililonse tikaweruka, atsibweni ankaitana Amalawi tonse kuseri kwa nyumba yawo. Aliyense ankalandira jumbo ya ufa woyera. Ankati ndi bonasi, otsala m'makina, abwana anawapatsa. Ena ankagulitsa kwa amayi ophika zitumbuwa za kumeneko, ena ankathira m'phala. A Nachisale okha sankalandira. Ankangoti, "Chifuwa changa sichigwirizana nawo," n'kupitirira.

Ine ndinasunga majumbo anga anayi, n'kuwapereka kwa matransipota, anthu aja onyamula katundu wa Amalawi kupita kumudzi. Ndinaikamo ndi kalata yofotokozera amayi zimene ndinawerenga: kuti akathira makapu awiri a ufawu mu fulawa, mandasi amakhala okhuthala kunja, ofewa m'kati, ndipo sauma msanga. Palibe anandituma. Nzeru imeneyi inali yangayanga, ndipo ndinkanyadira.

Patapita milungu itatu amayi anaimba foni akuseka.

"Iwe mwana iwe, ufa uja ndi wamatsenga! Beseni likumatha belu la buleki lisanalire kachiwiri. Ana akumachita kukanganirana. A Nabanda, anzanga ogulitsa pageti aja, akumangondiyang'ana ndi diso lofiira, awo akumabwerera nawo kunyumba."

"Ndiye ndizitumizabe, amayi?"

"Funso limenelo? Tumiza, mwana wanga. Sukulu yako yayamba kubala."

Mawu amenewo ndinawalemba m'kope monga anawanenera.

Atsibweni atamva, anati majumbo n'kutaya nthawi. Anayamba kutumiza matumba athunthu, ena kwa akazi awo ku Nathenje, ena kwa amayi.

Nthawi yozizira chifuwa cha a Nachisale chinakula, ndipo ndinauzidwa kuti ndiziwathandiza kusesa. Apa mpamene ndinaona pansi pa fakitale. Pamene ndinkayeza matumba maso anga ankakhala pa sikelo. Tsopano anali pa simenti.

Ufa unkatayika paliponse. Thumba likabooka, makina akatsokomola, wina akapunthwa. Kagalimoto konyamulira katundu kankaupondaponda ndi matayala ochokera panja. Kudenga kunkakhala nkhunda, ndipo zitosi zake zinkagwera momwemo. Amuna ankachokera kuchimbudzi, kumene pansi pankakhala chithaphwi, n'kudutsa ndi majombo awo pakati pa ufawo. Ena ankalavulira pansi makhololo oyera. M'mphepete mwa khoma munali timabokosi ta mankhwala a makoswe, ndipo makoswewo ankafera kuseri kwa matumba. Wina ndinamupeza atafufuma, atayera ndi ufa ngati wamuviika kuti amukazinge. Tinkayamba kusesa ku chigawo chobiriwira, kudutsa chabuluu, n'kumalizira chofiira, zonse mulu umodzi. Mulu umenewo tinkauwolera m'migolo yakuda yoti ikatayidwe.

Lachinayi masana ndinaona atsibweni akukweza migolo iwiri pa kagalimoto ka mnzawo. Ndinafunsa a Nachisale kuti kodi kotayira n'kutali.

Anatsamira burashi yawo n'kundiyang'ana.

"Iwe ndiwe wa sukulu. Zoona sukudziwa?"

"Sindikudziwa chiyani, mayi?"

"Bonasi yanu ija imagwa kumwamba?"

Ndinathamangira panja n'kusanza pa ngalande. Ndinasanza mpaka kutuluka zowawa zachikasu. A Nachisale anabwera ndi madzi m'botolo, n'kumandisisita pamsana.

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndikuuze za atsibweni ako, ine mlendo? Ndinkati mwina n'zapabanja."

Tsiku lomwelo tikuweruka ndinapita kwa atsibweni. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba, atayala pepala lapulasitiki, akusefa. Anali ndi sefa ziwiri, ina yamabowo aakulu, ina ya nsalu ya neti. Pambali panali kamulu ka zotsalira: timiyala, ulusi wa mitundu yonse itatu, nthenga, zotsala za fodya, ndi timanyi ta makoswe takuda ngati nthangala za mpiru. Ndinagwada patali monga tinaphunzitsidwira.

"Atsibweni, ufa uwu ndi umene ukupita kwa amayi?"

"Wafika bwino. Gwira sefa iyo."

"Atsibweni, izi n'zosesa."

"Zinali zosesa. Pano n'zosefa. Taona." Anatapa m'manja n'kundionetsa. Unali woyera kuposa ufa uliwonse umene ndinauonapo. "Kawiri konse ndimasefa ine. Wauona ufa wa kuchigayo woyera chonchi?"

"Koma muli wofiira uja, wa guluu. Soda ndi borakisi sizitsala pa sefa. Mikodzo ya makoswe sitsala pa sefa."

"Nanga mafuta owira ntchito yake n'chiyani? Moto umapha zonse. Iwe, makaka a chinangwa kwanu samayanika pamsewu, agalu akudumphapo, mbuzi zikukodzerapo? Unafa? Anyezi wa pa Mitundu samakhala pansi?"

"Akudya ndi ana a pulayimale, atsibweni."

"Ana a pulayimale amadya dothi. Amadya mango ogwera m'ndowe." Anaika sefa pansi. "Tamvera, a Pulofesa. Azungu awa amataya chakudya, ine ndimatola. Ndi tchimo limenelo? Ukafuna kukanena ku ofesi, pita. Akafunsa mapepala ako, amene anatha kalekale, ukayankhe m'Chingerezi chakocho. Akathamangitsa Amalawi onse pano, a Nachisale ako omwe, ukawadyetse ndiwe."

Ndinadzuka osatsanzika. Kanali koyamba m'moyo wanga kuchoka pamaso pa munthu wamkulu chotero.

Lamlungu ndinaimbira amayi. Ndinawauza zonse, nkhunda, majombo, khoswe uja, ulusi wofiira. Ndinkalira, mayunitsi akutha.

"Wamwalira ndani?" anafunsa.

"Amayi?"

"Ndikuti chiyambireni kugulitsa, wamwalira ndani? Ufa umafika kuno woyera, ine ndimausefanso. Iwe wayambana ndi atsibweni ako, ndiye ukufuna kuipitsa malonda anga. Paja unayambitsa ndiwe, ndi kalata yako."

Zinali zoona.

Ndinakhalabe miyezi ingapo. Ndinkasesa, ndipo ndinkadziwa kumene burashi yanga ikutumiza zimene ikusesa. Ndinayesa kuthira madzi m'migolo kuti ufawo uwonongeke, koma atsibweni anazindikira n'kuyamba kuikiya. Ndinayesa kusesa chigawo chofiira padera, iwo n'kumaphatikizabe. Ndinasiya kudya chilichonse choyera. Yogati ndikangomuona pa shelefu, wosalala, wonyezimira, ndinkayang'ana kumbali, ngakhale ndinkadziwa kuti ameneyo ndi wa thumba labwino. Amalawi anzathu anasiya kundipatsa moni, chifukwa atsibweni anawauza kuti ndikufuna kuwachotsetsa ntchito. A Nachisale okha ndi amene ankandisungira mpunga m'poto.

Tsiku lina m'mawa tikumanga mipango kumutu, anati:

"Mtsinje uwu sungautseke kuno. Kuno uli ndi eni ake. Pita ukatseke kumene ukuthirira."

"Nanga sukulu? Zimene ndasunga sizikwana."

"Sukulu siithawa. Ana a eni akewo akudya lero."

Nditakatsanzika, atsibweni sanatuluke m'nyumba. Analankhulira pa zenera.

"Ukakwera basiyo, dzina loti atsibweni ulisiye pa boda. Ukwati wako, maliro ako, usadzanditumizire munthu."

A Nachisale anandiperekeza mpaka pokwerera. Anandipatsa buledi ndi mazira owiritsa, n'kundiuza kuti ndikadutsa pa Dedza ndikawaonere phiri.

Ndinatsika pa Nathenje dzuwa lili pamutu. Akazi a atsibweni anali ndi okala yatsopano pafupi ndi msewu, ndipo pakhonde panali matumba atatu, ufa wake akuyezera anthu pa mbale. Anali atamva kale. Moni wanga anayankha akuyang'ana kumbali, ndipo madzi akumwa sanandipatse. Ndinakwera kabaza wa njinga yamoto kudzera njira yafumbi mpaka ku Mitundu.

Nyumba yathu ndinachita kuikayikira. Udzu unachoka, panali malata. Amayi ananenepa, anali ndi foni yatsopano ndi mabeseni awiri m'malo mwa limodzi. Anthu anali atawapatsa dzina loti Mayi a Joni. Anandikumbatira, anapha nkhuku, koma nkhani ya ufa sanaitchule. M'chipinda changa, pamene pankakhala mphasa yanga, panali matumba awiri ndi theka. Pondipatsa madzi osamba m'manja ndinaona zala zawo. Khungu linkasupuka m'mbali mwa zikhadabo.

"Zala zatani, amayi?"

"Sopo wa masiku ano."

Masiku awiri ndinayesa kulankhula nawo. Tikuchapa, tikutola nyemba, tikuchokera kutchalitchi. Yankho linali lomwelija, wamwalira ndani. Kenako ankawonjezera kuti malata awa sindinawagule ndine. Ndinaganiza zongotenga matumbawo n'kukataya, koma ndinkadziwa kuti Loweruka lomwelo akanakwera kabaza kukatenga ena ku Nathenje. Ankayenera kusiya okha.

Tsiku lachitatu ndinapita kumjigo ndi mng'ono wanga Tadala, amene anali mu Sitandade 3. Ndinamufunsa mocheza ngati sanatope nawo mandasi.

"Ine sindidya," anatero.

"Bwanji?"

"Amayi anandiletsa. Amandigulira chinangwa chophika kwa a Nabanda. Akuti a malonda sadya mwana wa pakhomo."

"Kale unkadya. Anakuletsa liti?"

Anaganiza pang'ono, chidebe chili m'manja.

"Tsiku lija munaimba foni mukulira. Atadula anandilanda limene ndinali nalo, n'kunditsukitsa m'kamwa."

Ndinakhala pansi pa simenti ya mjigo. Miyezi yonse ija ndinkadandaula kuti amayi sakundikhulupirira. Koma anandikhulupirira tsiku loyamba lomwe.

M'mawa mwake anayamba kukazinga monga mwa masiku onse. Beseni loyamba linali litadzaza, mandasi akuluakulu, ofiirira, onunkhira mpaka kumsewu. Tadala anatuluka atavala yunifomu. Anzake awiri a nyumba yoyandikana anali ataima pampanda kumudikira, maso ali pa beseni. Ndinapita, ndinasankha ndasi lalikulu kuposa onse, ndinaliuzira kuti lizizire.

"Tadala, bwera. Idya ili."

Mwanayo anayang'ana amayi.

"Usawayang'ane. Ndakupatsa ndine mkulu wako. Ndi ufa woyera, wosefa katatu. Idya."

Analandira ndi manja awiri. Anali atatsegula pakamwa pamene amayi anadumpha pa mbaula, chipande chili kumanja, n'kumumenya padzanja. Ndasi linagubuduka m'fumbi mpaka pampanda. Tadala anayamba kulira. Mmodzi wa ana aja anawerama kuti atole.

"Siya!" anakuwa amayi. "Siya, iwe!"

Mwanayo anabweza dzanja, n'kuwayang'ana modabwa. Dzulo lake lomwe anali atagula awiri pa geti.

Mafuta ankangothetheka, ndipo mandasi amene anali m'chiwaya anayamba kuda. Amayi sanawavuule. Anaima pomwepo, akupuma mwamphamvu, akuyang'ana mwana wa eni akeyo.

"Pitani kusukulu," anatero pomaliza, mawu atatsika. "Lero kulibe mandasi. Mukawauze anzanu."

Ana atapita anaphula chiwaya, n'kukhala pa kampando kawo, msana atandilozetsa. Ndinadikira kuti anditukwane. Ndinali nditakonzeka kumva za malata, za atsibweni, za Fomu 4 imene tsopano inalibenso poyambira. Zimenezo zinabwera pambuyo pake, ndipo zinatenga miyezi. Mandasi a fulawa yekha anabwerera kukhala aang'ono, ana ambiri anasamukira kwa a Nabanda, beseni lachiwiri tinayamba kuchapiramo. Ine ndinalowa sukulu ya masana chaka chotsatira, ndikugulitsa tomato m'mawa, ndipo mayeso ndikulemba chaka chino. Atsibweni mpaka lero sanaponde pakhomo pathu.

Koma m'mawa umenewo amayi sananene zonsezo. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kuloza chipinda changa ndi chibwano.

"Kabwereke wilibala kwa a Nabanda. Utenge onse, ndi beseni ili lomwe."

"Ndikataye kudzala?"

"Kudzala ayi. Ukakumbe dzenje kumunda, lakuya, ukakwirire bwinobwino. Nkhuku zanga zingafukule."